Ndinanamiza achimwene kuti mkono uli bwino

Moni nonse abale ndi alongo amene mumawerenga tsamba lino, a kuno ku Dubai ndi a kumudzi komwe. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndine Efraimu, kwathu ndi ku Mchinji. Ndakhala ndikuwerenga maumboni a anzanga kwa nthawi yaitali osanenapo kanthu, chifukwa wanga uli ndi mbali ina imene imandichititsa manyazi. Koma lero ndalimba mtima. M'nthawi ya mliri wa kolona ntchito yanga inatha, dzanja langa lamanja linafa, ndipo mkulu wanga amene anandilera anamwalira ine ndili kutali. Si zonse zimene Mulungu anandibwezera, koma pamene ndinafika pothera nzeru anandigwira, ndipo ndi zimenezo ndikufuna ndikuuzeni.

Ambiri a inu simuwadziwa masewera a besibolo, ndiye ndiyambe ndafotokoza pang'ono. Pamakhala munthu woponya kampira kolimba ngati lalanje losapsa, ndipo wa timu inayo amaima ndi chibonga kuti akamenye. Akakamenya amathamanga mozungulira bwalo kuti apeze chigoli. Ine ndinali woponya, koma osati woyambitsa masewera. Ndinali wa gulu lija limene limakhala pabenchi kuseri kwa mpanda, kumangodikira. Woponya woyamba akatopa, kapena zinthu zikafika poipa, kochi amaimba foni ya pabenchipo n'kutchula dzina lako. Umavula jekete n'kuthamangira pakati pa bwalo, anthu onse maso ali pa iwe. Nthawi zina umangoponya kakhumi, ntchito ya tsikulo yatha. Ukachita bwino, anthu amatamanda amene wamenya mpira. Ukalakwitsa kamodzi kokha, timu yonse imabwerera itagonja chifukwa cha iwe. Ntchito imeneyi ndinaigwira zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndinkaikonda ndi mtima wanga wonse.

Masewerawa anafika pasukulu pathu ndi mphunzitsi wina wa ku Japan amene anadzakhala nafe zaka ziwiri. Pochoka anandisiyira mipira itatu. Anzanga onse anabwerera ku mpira wamiyendo, ine n'kutsala ndekha. Makolo athu anamwalira ndili wamng'ono, choncho ndinkakhala ndi achimwene anga a Fanuelo, amene ankalima fodya. Iwo besibolo sankaidziwa n'komwe. Koma tsiku lililonse akaweruka kumunda ankanyonyomala kuseri kwa chigafa, atakulunga chiguduli kudzanja, n'kumawakha mipira yanga. Zala zawo zinkatupa mpaka m'mawa mwake kulephera kusoka fodya. Akazi awo, alamu anga, ankakalipa, koma iwo ankangoseka.

"Musiyeni aponye, zala zimaphwa izi."

Ndi iwo amene anandikweza basi ya ku Joni ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kumeneko ndinkatsuka magalimoto mkati mwa sabata, Loweruka ndi Lamlungu n'kumasewera m'timu ina ya m'tauni. Munthu wina anandiona ndipo ananditengera ku Ulaya, ku matimu ang'onoang'ono amene amalipira osewera awo. Musaganize kuti ndinali munthu wotchuka. Tinkayenda maulendo ataliatali pa basi, tinkagona anayi m'chipinda chimodzi, ndipo chaka chino uli timu iyi, chaka chamawa sukudziwa. Koma kumudzi achimwene ankayenda ndi chithunzi changa m'thumba la malaya. Kaya kutchalitchi, kaya ku okushoni, aliyense wokhala nawo pafupi ankachiona ndithu, afune asafune.

Kutatsala miyezi yochepa kuti mliri uyambe, tinali ndi masewera ena chakumapeto kwa nyengo ya besibolo. Foni inalira, dzina langa linatchulidwa. Ndinaponya katatu bwinobwino. Kachinayi ndinamva kuti thu! m'chigongono, ngati chingwe chaduka, ndipo mpira unagwa pansi usanafike kwa womenya. Kochi anabwera pamene ndinaima, anatambasula dzanja, ine n'kumupatsa mpira. Sindinadziwe kuti aka kanali komaliza. Nyengo itatha, timu sinandipatsenso kontirakiti.

Achimwene sindinawauze. Ndinangoti ndikupita ku Dubai kukapumula nyengo yozizira uku ndikuphunzitsa ana masewera. Mbali ina zinali zoona. Ndinapeza ntchito pa kasukulu kena ka masewera ku Sports City, ndipo maganizo anga anali akuti mkono upume miyezi ingapo, kenaka ndikayesedwe ku timu ina imene inandilonjeza mwayi. Kenaka mliri unafika. Mabwalo onse anatsekedwa, kasukulu kaja kanatitumizira uthenga pafoni kuti sikatsegulanso, ndipo timu ija inasiya kuyankha makalata anga.

Ndinasamukira ku Dubai Investments Park, m'chipinda cha amuna asanu ndi atatu. Mnzanga wina wa ku Chipata anandipezera ganyu m'nyumba ina yosungira katundu, yonyamula makatoni a sopo ndi mankhwala osambira m'manja. Ndinaithokoza ntchitoyo, koma ndi imene inamaliza mkono wanga. Poyamba kachala kakang'ono ndi chinzake choyandikana nako zinkangochita dzanzi. Kenaka zinayamba kupindika zokha, ndipo mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera unanyala mpaka kuchita kadzenje. Dzanja limene linkaponya mpira pamalo penipeni pamene ndafuna linayamba kulephera kumanga batani la malaya. Tsiku lina katoni ya mabotolo inandipulumuka, zonse n'kusweka pansi. Kapitawo wathu sanakalipe. Anangogwira dzanja langa, kulitembenuza, n'kupukusa mutu.

"Khalas, habibi, basi zatha m'bale wanga. Dzanja ili silingagwire ntchito muno."

Nthawi yonseyi Lamlungu lililonse ndinkalankhula ndi achimwene pafoni yoonana nkhope. Ndinkavala malaya abwino, ndinkaseka, ndinkawatumizira zithunzi zakale za m'bwalo. Akandifunsa ngati ndikuponyabe, ndinkati eya. Mwina mungafunse kuti ndinkanamiranji. Ndikakumbukira zala zawo zotupa zija, ndikakumbukira chithunzi cha m'thumba chija, pakamwa pankakana kunena kuti zonse zathera mu katoni ya mabotolo osweka. Ndinkadziuza kuti ndidzawauza mkono ukachira.

Mwezi wa Januwale, mliri utafika poipa kwathu, alamu anandiimbira kuti achimwene awagoneka kuchipatala, akubanika. Tsiku lina m'mawa namwino wina wachifundo anawagwirira foni kuti tilankhulane. Anali ndi chophimba cha mpweya kumaso, ndipo mawu ankatuluka amodziamodzi.

"Efu, mkono uli bwanji?"

"Uli bwino, achimwene. Mliriwu ukangotha ndikubwerera ku timu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Chabwino. Uziusamala."

Patapita masiku awiri anamwalira. Anaikidwa tsiku lomwelo ndi anthu ovala zoyera thupi lonse, popanda mwambo, popanda nyimbo. Alamu anaima patali pansi pa mtengo atakweza foni kuti ndione, koma netiweki inkangodukaduka. Ine ndinali nditakhala pamasitepe, chifukwa m'chipinda anzanga anali akupuma. Ndinaona bokosi likutsika, chithunzi n'kuima, pobwereranso anthu anali akukwirira kale. Kupita kumudzi kunali kosatheka. Mapepala anga anali atatha limodzi ndi ntchito, ndipo ndege zinali zosowa.

Abale, apa ndiye ndinagwa. Imfa yokha ndikanaipirira, chifukwa anthu ambiri anafedwa nthawi imeneyo. Chimene chinkandidya ndi chakuti mawu omaliza amene ndinauza munthu amene anandilera anali bodza, ndipo panalibenso njira yoti ndiwabweze. Ndinasiya kupemphera. Ndinasiya kudya. Baibulo ndinaliika pansi pa chikwama. Ndinkangogona chafufumimba kuyang'ana khoma, anzanga akamapita kuntchito n'kubwera amandipeza momwemo. Mnzanga wa ku Chipata uja ankandisiyira buledi pabedi, ine ndinkapatsa ena.

Lachisanu lina masana ndinakwera basi kupita ku Sports City. Ndinakafika pa bwalo lija ndinkaphunzitsira ana, ndinapeza geti lili lokiya, ndipo ndinakhala pa benchi ya panjira. Ndinene mosabisa kuti tsiku limenelo ndinali nditatsimikiza kuti sindibwereranso kuchipinda. Sindinena zambiri, amene anadutsamo akundimva. Koma ndisanadzuke pa benchi paja, mawu anangotuluka okha. Ndinati, Ambuye, ngati mukundionabe, nditumizireni munthu. Sindinapemphe mkono, sindinapemphe ntchito. Nditatero ndinayamba kung'ung'udza nyimbo ina ya maliro ya kutchalitchi kwathu, imene achimwene sanaimbiridwe.

Sindinathe ndime yachiwiri pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Pepani bambo, nyimbo imeneyo mwaidziwira kuti?"

Anali mayi wina wachikulire ndithu, atavala yunifomu ya antchito a m'nyumba ndi masiki, akuyendetsa kagalu koyera pa chingwe. Ndinawauza kuti ndine wa ku Mchinji. Iwo anati ndi Nachisale, a ku Dedza, ndipo akhala akugwira ntchito m'nyumba ina ya pafupi pompo zaka zisanu ndi chimodzi. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, kagalu kali pamiyendo.

"Wamwalira ndani?"

Funso limenelo linanditsegula. Ndinawauza zonse, kuyambira kuseri kwa chigafa mpaka pamasitepe paja, ndi bodza lomwe. Anali munthu woyamba kumva. Sanandidule mawu, sananditchulire vesi. Nditamaliza anati ndiwaonetse dzanjalo. Ndinalitulutsa m'thumba, iwo analiyang'anitsitsa osalikhudza.

Kenaka anandiuza kuti madamu amene amawagwirira ntchito ndi dokotala wochita opareshoni ya manja. Mtima wanga unadumpha, koma iwo nkhope inali yankhawa. Anati chiyambire mliri, lamulo la m'nyumbamo ndi lakuti asayandikire munthu aliyense wakunja, chifukwa mumakhala gogo wodwala chifuwa. Amaloledwa kutuluka ndi galu yekha basi. Akakanena kuti anakhala pabenchi ndi mlendo, ntchito ikhoza kutha tsiku lomwelo, pamene kumudzi ali ndi ana atatu amene amadalira iwo. Ndinawauza kuti asadzivute, andithandiza kale pondimvetsera. Iwo anasisita kagalu kaja, kenaka anati:

"Ndipatseni nambala yanu. Koma mundilonjeze chinthu chimodzi, achimwene. Mubwerere kumene mumakhala, ndipo mukadye."

Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga, chifukwa za maganizo anga aja sindinawauze. Ndinalonjeza. Ndinakwera basi, ndinabwerera, ndipo ndinadya buledi uja.

M'mawa uliwonse kunkabwera uthenga wa liwu limodzi lokha: "Mwadya?" Za dokotala sankanenapo kanthu, ndipo ine ndinaganiza kuti achita mantha, zimene sindikanawaimba nazo mlandu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti tsiku lomwelo anakauza madamu awo zoona zokhazokha. Madamu anakwiya kwambiri. Anawatsekera m'kachipinda kawo masiku asanu, chakudya n'kumawasiyira pakhomo, ndipo anawauza kuti akapezeka ndi kachilombo alongedze. Mauthenga aja ankawalemba ali m'kachipinda kameneko, asakudziwa ngati ntchito ikadalipo. Atawayeza, zotsatira zitabwera kuti alibe matenda, madamu anatsegula chitseko. Kenaka anafunsa kuti, kodi dzanja la munthu wakoyo likuoneka bwanji?

Tinakumana ndi madamuwo pamalo oimika magalimoto pansi pa nyumba yawo. Dokotalayo anali mayi wa ku India, wamfupi, maso ali ofiira ndi kutopa. Anagogoda pachigongono panga ndi chala, ine n'kumva ngati magetsi andigwira mpaka kunsonga za zala. Anandipanitsa pepala pakati pa zala n'kulikoka, linatuluka popanda vuto. Anati mtsempha waukulu unapanikizika pamene panavulala paja, ndipo ndikadikira miyezi ina yochepa dzanja lifa mpaka kalekale. Anati kuchipatala kumene amagwira kuli thumba lothandizira anthu osowa pogwira, ndipo alemba dzina langa. Ndinalimba mtima n'kufunsa funso limene linali pakhosi, ngati ndidzaponyenso.

Sanazungulire. Anati ayi. Anati ndidzagwira supuni, ndidzalemba, ndidzamanga mabatani, koma kuponya kwa m'bwalo kuja kwatha, ndipo ndi bwino ndimve lero kusiyana n'kumadzinamiza.

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo n'kulira ngati mwana. Zaka zonse zija, mabasi aja, foni ija ya pabenchi, zonse zinathera pakati pa magalimoto a anthu. Mayi Nachisale anali ataima chapatali monga anawalamulira, ndipo ndinawamva akuti, "Lirani achimwene, musabise. Maliro ndi awiri amenewa."

Opareshoni inachitika patapita masabata atatu. Kuchira kwake kunali kwapang'onopang'ono koopsa. Anandipatsa ntchito yofinya siponji ndi kutola nyemba imodziimodzi kuchoka m'mbale ina kuika m'mbale ina. Ine amene ndinkaimirira pamaso pa anthu ambirimbiri ndinkatuluka thukuta kulimbana ndi kanyemba kamodzi. Miyezi iwiri inadutsa popanda kusintha kooneka. Tsiku lina m'mawa ndinagwira kapu ya tiyi, n'kuiponya pansi chifukwa inandiotcha. Ndikupukuta tiyi uja ndi pamene ndinazindikira kuti chimene chapsa ndi kachala kakang'ono kaja, kamene kanatha chaka kasakumva kanthu. Ndinagwada pomwepo m'tiyi momwemo, ndipo aka kanali koyamba kupemphera moyamika chimwalirire achimwene.

Koma mtima unali usanachire. Mayi Nachisale ankandikumbutsa kawirikawiri kuti ndiwauze alamu zoona, ine n'kumazengereza. Tsiku lina anandilembera kuti, "Yalla, tiyeni achimwene, imbani lero. Bodzalo lakulemerani mokwana." Ndinaimba. Ndinawauza alamu zonse, ndipo ndinapepesa kuti ndinanamiza amuna awo mpaka pa bedi la imfa. Ndinkayembekezera kuti akalipa monga ankachitira kale. Koma anangopumira m'mwamba.

"Alamu, achimwene anu ankadziwa."

Ndinati ankadziwa bwanji, poti sindinauze munthu.

Anati anazindikira kalekale, pamene ndinayamba kugwira foni ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kumalibisa pansi. Anaonanso kuti zithunzi zonse zimene ndinkatumiza ndinali nditavala malaya a timu yakale. Tsiku lina atadula foni anawauza alamu kuti, mwanayu wavulala, koma tisamukakamize, adzanena yekha akakonzeka. Ankandifunsa za mkono kuti andipatse mpata chabe. Ndipo m'mawa uliwonse asanapite kumunda ankautchula mkono wanga m'pemphero, mpaka tsiku limene anawatengera kuchipatala.

"Sanakwiye nanu ngakhale tsiku limodzi," anatero alamu. "Ankangodandaula kuti mukuvutika nokha."

Tinangolira tonse awiri, foni ili kukhutu, aliyense kwake. Ndinamva chisoni chachikulu kuposa kale, chifukwa ndinaona kuti miyezi yonse ija ndikanatha kumalira pamaso pawo, iwo n'kumanditonthoza. Koma katundu amene ndinasenza kuchokera pamasitepe paja anatsika tsiku limenelo.

Lero ndimagwira ntchito pasukulu ina kuno, ndimathandiza mphunzitsi wa masewera. Mapepala anga anakonzeka. Kachala kaja sikanawongoke kwenikweni, ndipo kukazizira chigongono chimawawa. Ndimaponyera ana mpira chapansipansi, pang'onopang'ono. Sindinama kuti sizindipweteka. Ndikaona anzanga akale pa intaneti akuthamangira pakati pa bwalo, ndimazimitsa foni. Dzina langa simudzalipeza m'buku lililonse la masewera, ndipo ndinavomereza.

Maulendo atatseguka ndinapita kumudzi. Alamu anandiperekeza kumanda. Mtumbira unali utamera udzu, ndipo ndinagwada n'kuuzula wonse ndi manja anga awiriwa. Nditamaliza ndinakhala pansi n'kuwafotokozera achimwene zonse mokweza, mmene mkono unadukira, mmene katoni inagwera, za benchi ija, za mayi wa kagalu. Ndikudziwa kuti akufa samva, abusa musandidzudzule. Koma ndinkafunika kunena, ndipo alamu anandisiya mpaka ndinamaliza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu amene anali atasiya kupemphera. Ndikuthokoza dokotala uja, amene anandiuza zoona ngakhale zinali zowawa. Ndikuthokoza mnzanga wa ku Chipata chifukwa cha buledi amene ndinkamukana. Ndipo Mayi Nachisale, ndikudziwa kuti muwerenga izi ndipo mundikalipira kuti ndakutchulani. Munaika ntchito yanu ndi chakudya cha ana anu pangozi chifukwa cha munthu amene munangomumva akuimba panjira. Ndilibe chokubwezerani. Ambuye akukumbukireni pa tsiku lanu la mavuto.

Kwa inu amene mukuwerenga muli pamene ndinali ine, m'chipinda cha anthu ambiri koma muli nokhanokha, ndikupempheni kuti mupirire tsiku limodzi lokha, kenaka linanso. Idyani ngakhale simukufuna. Pempherani ngakhale ndi mawu asanu okha. Mwina simudzabwezeredwa zonse zimene mwataya, inenso sindinabwezeredwe, koma moyo wanu Mulungu akuufunabe. Ndipo ngati pali munthu kumudzi amene mukumubisira vuto lanu chifukwa choti mumamukonda, musadikire kuti zinthu ziyambe zakhala bwino. Muimbireni lero, akadali woti n'kukuyankhani.

Ambuye akusungeni nonse. Amen.